Basi ya madzulo ya Lilongwe kupita ku Blantyre: mipando ili bwino, nkhawa yanga ili pa dalaiva

Anzanga amene timaoda limodzi katundu ku Limbe akhala akundifunsa za kampani ya mabasi imene ndimakonda kukwera, makamaka basi yawo ya madzulo ija yonyamuka ku Lilongwe dzuwa litapendeka nkukafika ku Blantyre usiku. Dzina la kampani sinditchula, amene mumayenda pa M1 kawirikawiri muzindikira nokha, komanso zambiri zimene ndinene apa si za kampani imodzi yokha ayi. Yankho langa ndi lakuti ya m'mawa kwerani ndithu, koma ya madzuloyo ine sindingauze m'bale wanga kuti akwere mpaka eni ake atakonza nkhani ya madalaiva.

Zabwino zilipo ndipo ndisazibise. Tikiti sivuta kugula, mutha kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba nkungokaonetsa meseji pa ofesi, ndiye amakulembani dzina ndi nambala ya foni pa tikitipo komanso m'buku lawo. Ichi ine ndimachiyamikira kwambiri chifukwa mabasi ambiri a pa depoti amangokung'ambirani kapepala kopanda dzina, tsiku la ngozi abale anu azizungulira zipatala osadziwa ngati munalimo kapena munakwera ina. Amanyamuka nthawi imene ananena, sadikira kuti basi idzaze, palibe anyamata oitanira okulandani chikwama pa geti. Aliyense pampando pake, palibe zoimirira pakati kapena kukhazikana pa zigubu. Katundu amalowa pansi mu buti ndipo amamata kanambala, changa sichinasowepo. Mochajira foni mulimo ngakhale mwina mwake ndi mwakufa. Makondakitala awo ndi aulemu, agogo akamavutika ndi masitepe amawagwira dzanja mpaka pampando, ndipo samakuwa. Pa zimenezi ndalama yake ikuoneka kumene ikupita.

Koma basi sitikwerera mpando wofewa basi, timakwera kuti tikafike.

Choyamba chimene ndimachita ndikakhala pansi ndi kufufuza lamba. Mu basi imeneyi malamba alimo koma ambiri ndi okufa, ena chitsulo chake cholowetsa chija chinathyoka, ena anawakankhira kunsi kwa mpando moti kuti muutulutse mpaka mugwade, wina ndinaupeza atachita kuumanga mfundo. Ndinamuuza kondakitala, anandisamutsa mpando mwaulemu ndithu, koma pampando ndinachokapo paja anakhazikapo mayi wina wa mwana kumanja amene sanafunse kanthu. Anthu ambiri samadziwa kuti basi ikagubuduka chimene chimapha kwambiri ndi kuponyedwa, munthu kumenyetsa mutu kudenga, kugwera anzake kapena kutulukira pa windo basi nkumugonera. Lamba wogwira ntchito amakusungani pamalo amodzi, ndipo kumukonza sikungafanane mtengo ndi tayala limodzi lomwe. Tinyundo tofiira toswera galasi tija malo ake alipo pakhoma koma tinyundoto mulibe. Chozimitsira moto ndinachiona kumbuyo kwa mpando wa dalaiva, icho chilipo.

Matayala ndimawayang'ananso ndisanakwere, anthu amandiyang'ana modabwa koma ine ndilibe nazo. Akutsogolo anali abwino, mizere yake yakuya. Akumbuyo awiri anali oti atha, kusalala kuoneka ndi maso, ndipo limodzi linali ndi ming'alu m'mbali. Kwa amene simudziwa, m'mbali mwa tayala mumakhala manambala anayi otsatana, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa, mwachitsanzo 2319 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2019. Tayala limakalamba ngakhale mizere ikuoneka, labala amauma, ndiye pa phula lotentha la ku Phalula mwezi wa October ndi katundu wodzaza buti likhoza kuphulika nthawi ina iliyonse. Ndikudziwa kuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 ma sipeya ndi matayala zinakwera moopsa ndipo eni mabasi akulira, koma mtengo wa tikiti nawonso anakweza, ndiye tayala lisakhale chinthu chomalizira kugula.

Tsopano nkhani yeniyeni. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre kudzera pa Zalewa ndi makilomita opitirira pang'ono 300, ndipo basi yoyenda bwinobwino, kuima pa toll gate ya Kalinyeke ku Dedza ndi ya Chingeni, kuima pa marodibuloko, kupumira pa Ntcheu, imatenga maola anayi ndi theka kapena asanu. Basi ya madzulo imene tikukambayi si kuti imagona ku Lilongwe kudikira inu ayi, ndi yomwe ija inanyamuka ku Blantyre m'mawa, ndipo dalaiva wake ndi yemwe uja. Ndiye werengani nokha, munthu wadzuka kusanache kuti akatenge basi, wayendetsa maola asanu, wafika ku Lilongwe masana, m'malo mogona akuthamanga ndi za mafuta, nthawi zina ali pa mzere ku filling station chifukwa tonse tikudziwa mmene dizilo amasowera, kenako madzulo akuyambanso ulendo wina wa maola asanu ndipo theka lake ndi mumdima. Makilomita opitirira 600 tsiku limodzi pa msewu wopapatiza wa M1, munthu mmodzi, popanda womulandira.

Pa Ntcheu titaima kuti anthu akadzithandize ndinatsika nkuwapeza adalaiva atatsamira basi akumwa ka energy drink, maso ali psuu. Ndi bambo wachikulire ndithu, waulemu. Ndinawapatsa moni nkuwafunsa kuti bambo mwapumako koma lero? Anangoti mayi, tikapuma tikafika. Ndinafunsanso ngati mawa ali pa off, anati ayi mawa m'mawa ndi ulendo, mnzawo amene amasinthana naye anasiya ntchito ndipo sanalembe wina. Sanadandaule zambiri, ndi anthu oti amaopa kuyankhula chifukwa ntchito ikusowa, koma anandiuza kuti alawansi yawo imawerengedwa pa ulendo, ukapanda kuyenda palibe chako. Apa ndi pamene pagona vuto lonse. Munthu amene amalipidwa pa ulendo sanganene kuti bwana lero ndatopa, ndipo akachedwa kufika ndiye kuti maola ake ogona ndi amene akuchepa, ndiye mwendo umalemera pa moto.

Ndipo ndinaziona. Kuchoka ku Lilongwe kudutsa Nathenje, Kamphata mpaka ku Dedza kukuwala anayendetsa bwino kwambiri, pa ma trading centre amatsitsa sipidi, pa Linthipe paja tonse timapadziwa kuti pamachitika ngozi anadutsa modekha, sanapange ovateki pa kona ngakhale kamodzi. Luso ali nalo bamboyu, si wophunzira. Koma titadutsa Chingeni mdima utagwira, anthu ambiri atagona, basi inayamba kuthamanga, ndipo kawiri konse ndinamva matayala akumanzere akutsika phula kukanda miyala ya m'mbali kenako iwo nkuibweza mwadzidzidzi. Ndinali mpando wachiwiri kuchokera kutsogolo, ndimawaona akupukusa mutu, akutsegula windo kuti mphepo iwawombe, akudzimenya pa ntchafu. Amene munakhalapo pafupi ndi dalaiva wa tulo mukudziwa zimene ndikunena. Kondakitala amene akanamawachezetsa anali atagona pa sitepe.

Anthu timaganiza kuti kusinza ndi kugona mpaka kuliza mkonono, ayi, ndi masekondi awiri atatu okha maso atatseka mwini wake osadziwa nkomwe. Basi ikamathamanga 100 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, ndiye masekondi atatu ndi mamita opitirira 80 basi ikuyenda yokha popanda woyendetsa. Pa M1 usiku mamita 80 amenewo muli chiyani? Muli thiraki yowonongeka itaima theka lake mu msewu yopanda ma reflector, chizindikiro chake ndi nthambi za mitengo zimene aika pa phula. Muli wa njinga yakapalasa wanyamula matumba a makala opingasa wopanda nyali, muli kabaza wa njinga yamoto wakweza anthu atatu opanda chipewa, muli anthu akuchokera ku msika akuyenda m'mphepete chifukwa njira ya oyenda pansi kulibe, ndipo phula lake m'mbali linadyeka moti thiraki ikamabwera kutsogolo ndi magetsi owala aja palibe kothawira. Komanso sipidi ikachuluka kawiri mtunda woti galimoto iime mabuleki atagwira umachuluka kanayi, si kawiri ayi, ndiye kusiyana kwa 80 ndi 110 si kwa masewera pa chigalimoto cholemera chonchija.

Msewu umenewu ulinso ndi khalidwe lake. Ku Dedza ndi kumtunda, miyezi ya June ndi July cha ku Bembeke kumachita chifunga choti simuona patali. Pa Lizulu ndi pa Tsangano turn off msika uli pa msewu penipeni, ogulitsa kachewere, kabichi ndi tomato amathamangira basi iliyonse imene yaonetsa ngati iima, ana omwe. Ndiye kuchoka kumtunda kumeneko msewu umanka nutsika mpaka kukafika pa mlatho wa Shire pa Zalewa, ndipo dalaiva wodziwa ntchito pa mitsetse amatsika ndi giya yaying'ono kuti injini izigwira basi, chifukwa ukamangoponda mabuleki amatentha nkusiya kugwira. Tikamamva pa wailesi kuti mabuleki anakana kawirikawiri chimakhala chimenechi, kapena basi sinapite ku galaja nthawi yake. Dalaiva wotopa komanso wofulumira ndi amene amaiwala zonsezi, amaisiya basi izitsetsereka kuti apeze nthawi.

Ife okwera nafenso tili ndi mbali yathu, ndinene mosabisa. Basi isananyamuke timapemphera, abusa olalikira m'basi aja amatiyika m'manja mwa Mulungu ndipo ine ndimavomera amen ndi mtima wonse, koma anthu omwewo tikangodutsa Nathenje ayamba, adalaiva tathamangani tikafika mawa kodi, basi ya kampani ina yatipitirira ija. Usiku umenewu nditaona kachiwiri basi ikutsika phula ndinadzuka nkunena mokweza kuti adalaiva chonde imani pa Zalewa musambe kumaso mupume kaye, mwanyamula anthu osati matumba a chimanga. Bambo wina kumbuyo anandikalipira kuti mayi khalani pansi mukutichedwetsa, ena tili ndi ma connection a ku Mulanje. Koma amayi awiri ndi mnyamata wina wa sukulu anandivomereza, ndipo adalaiva sanakwiye, pa rodibuloko ya Zalewa anaimika pambali, anatsika, anasamba kumaso nkuyenda yenda kwa mphindi mwina khumi, mnyamata uja anadzakhala kutsogolo nkumacheza nawo za mpira mpaka Lirangwe, Lunzu, Kameza. Kusamba kumaso sikuchotsa tulo, mankhwala a tulo ndi kugona basi, koma zinathandiza kuti titsale ndi dalaiva wodzuka pa gawo lomalizalo. Chonde mukaona zotere yankhulani, osachita manyazi, ndipo wina akayankhula muthandizeni osamusiya yekha.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chakuti pa ngozi iliyonse dalaiva ndi amene amakhala woyamba. Ife tili ndi mipando kutsogolo kwathu, iye ali ndi galasi lokha ndi chiwongolero pa chifuwa. Mu basi imeneyi galasi lakutsogolo linali ndi mng'alu wautali mbali ya kondakitala, mpando wa dalaiva unali wotha moti anachita kuikapo pilo, ndipo lamba wake sindinawaone atamanga ulendo onse. Akapulumuka pa ngozi, anthu a m'mbali mwa msewu amafuna kumumenya, nchifukwa chake madalaiva ambiri amathawa pamalo a ngozi ngakhale atavulala. Kenako apolisi amamutsegulira mlandu wopha anthu chifukwa choyendetsa mosasamala pansi pa gawo 126 la Road Traffic Act, dzina lake limveka pa wailesi, mudzi wake ndi mfumu yake yomwe. Koma amene anakonza ndandanda yoti munthu mmodzi ayende maulendo awiri tsiku lililonse popanda off, amene anakana kugula tayala, iyeyo dzina lake silimveka, inshuwalansi ikalipira agula basi ina nkulemba dalaiva wina. Ana a dalaiva uja atsala opanda chothandizira.

Sikuti ndikupempha zinthu zachilendo. Mabasi opita ku Johannesburg amayenda ndi madalaiva awiri, wina akuyendetsa wina akugona, amasinthana. Ku mayiko a European Union lamulo limati dalaiva wa basi kapena thiraki asapitirire maola 9 pa tsiku akuyendetsa, kupatula masiku awiri pa sabata pamene angafike 10, ndipo akayendetsa maola anayi ndi theka apume mphindi 45, komanso m'galimotomo mumakhala kachipangizo kolemba maola amenewa moti bwana sanganame. Dalaiva wathuyu tsiku lililonse akufika kapena kupitirira malire amenewo pa msewu wovuta kuposa wa kumeneko. Akuluakulu amene anakwerapo mabasi a kampani yakale ya United Transport Malawi (UTM), kenako Stagecoach imene inatenga kampaniyo mu 1989, kenako Shire Bus Lines, amatiuza za ma inspector amene ankakwera basi panjira mosayembekezeka kuona matikiti ndi mmene dalaiva akuyendetsera, ndi za nthawi yoikika yofikira pa siteji iliyonse. Lero kampani iliyonse ili ndi malamulo ake ndipo mpikisano ndi wolanda makasitomala.

Apolisi a pamsewu anatiimitsa malo angapo. Amaona layisensi, COF (pepala losonyeza kuti galimoto inayesedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu), inshuwalansi pa galasi, nthawi zina amakwera nkuona ngati pali oimirira, ndipo masana amakhala ndi kamera ya sipidi pa ma trading centre pomwe pali chikwangwani cha 50. Zonsezo nzabwino, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti bambo mwayamba nthawi yanji kuyendetsa lero, ndipo palibe anazungulira kukaona matayala akumbuyo aja. Pepala la COF limanena za tsiku limene basi inayesedwa, silinena za tayala la lero. A Directorate of Road Traffic and Safety Services akanati azifuna buku la maola a dalaiva pa basi iliyonse ya mtunda wautali, loti wapolisi pa Zalewa kapena pa Dedza azitha kulitsegula nkuona, zambiri zikanasintha. Ndipo poti pa Chingeni tinayamba kulipira mu 2021 ndi pa Kalinyeke mu 2022, ife okwera tili ndi ufulu wofunsa kuti m'mbali mwa msewu modyekamo mukonzedwa liti, mizere yoyera imene inafufutika ija ipentedwa liti, chifukwa usiku mzere umenewo ndi umene dalaiva amatsata magetsi a thiraki akamuthobwa m'maso.

Kwa amene mulibe kuchitira mwina koma kukwera ya madzuloyi, mwina muli ndi maliro kapena interview m'mawa, sankhani mpando wapakati pa basi mbali ya kumanzere, yesani lamba musanakhazikike ndipo ngati ndi wakufa pemphani mpando wina, chikwama cholemera chisakhale pa shelefu ya pamwamba pa mutu wanu. Mwana asakhale pa mpando wakutsogolo. Tumizani nambala ya basi kwa wachibale musananyamuke. Sungani mu foni nambala ya 118, ya ma ambulansi a ngozi imene boma linakhazikitsa pa msewu wa Lilongwe ndi Blantyre, ndipo dziwani kuti zipatala zazikulu za boma zapafupi pa njirayi ndi za Dedza, Ntcheu ndi Balaka musanafike ku Queens kapena ku Central. Ndipo mufunseni kondakitala poyera kuti adalaivawa ndi omwe abwera ndi basiyi m'mawa? Akamva funso limeneli kwa anthu ambiri uthenga ukafika kwa mabwana.

Ndinapita ku ofesi yawo ku Blantyre kukanena zonsezi. Mtsikana wa pa kauntala anandilandira bwino, anandipatsa buku la madandaulo ndinalembamo za malamba, za matayala awiri aja ndi za dalaiva mmodzi pa maulendo awiri, ndinatsindika kuti bamboyo asamudzudzule chifukwa vuto si iye, ndinasiya ndi nambala yanga. Palibe anandiyimbira. Ulendo wotsatira ndinakwera ya m'mawa, inali basi yomweyo, matayala akumbuyo anali atasintha, apo ndiwayamikire, koma malamba anali momwemo ndipo kondakitala ananditsimikizira kuti dalaiva wachiwiri sanalembedwebe.

Pa nyenyezi zisanu, ya m'mawa ndikuipatsa zinayi, imodzi ndachotsa chifukwa cha malamba ndi tinyundo tosowa tija. Ya madzulo ndikuipatsa ziwiri. Akadzalemba dalaiva wachiwiri woti azitenga basi ku Lilongwe atagona mokwanira, nkumawalipira pa mwezi osati pa ulendo, ndidzakweranso ya madzulo ngakhale atawonjezera pang'ono mtengo wa tikiti, chifukwa kwa ife a geni kufika ku Limbe usiku nkuyamba kuoda m'mawa kumatipulumutsira tsiku lathunthu.